Gulu la Nyimbo la Acinyamata: Kuliyambitsa ndi Kulisunga

Aphunzitsi ndi inu ana a sukulu, nkhani yathu lero ndi ya gulu la acinyamata, limene ena amalicha kalabu, lokumana kamodzi kapena kawiri pa mlungu kudzaimba ndi kuvina. Magulu otere amabadwa ambiri, koma ocepa okha ndiwo amaona caka caciwiri. Ena amafa akudikira gitala wa ku sitolo amene ndalama zake sizikwana; ena amafa tsiku lomwe mphunzitsi amene anawayambitsa wasamutsidwa. Zonse ziwirizi zingapewedwe.

Tiyambe ndi zoimbira, pakuti m'mudzi zilimo kale. Kalumbu amafuna ndodo yopindika ngati uta, waya mmodzi, ndi cikho. Woimba amagogoda wayayo ndi kabango, cikho cili pacifuwa. Akacitalikitsa pang'ono liwu limatseguka, akacikanikiza limatsekeka, ndipo luso lonse lagona pamenepo. Banjo amapangidwa ndi citini ca mafuta, thabwa, ndi mawaya a mabuleki a njinga. Ng'oma nayo ili ndi mwambo wake. Cikopa cimalefuka kukakhala cinyezi, ndiye cifukwa cake oimba amaiwamba pamoto gule asanayambe, ndipo amamata phula pakati pake kuti liwu likhale lalikulu. Mwana amene wapanga yekha coimbira cake saciponya pansi, ndipo cikaonongeka adziwa kucikonza.

Kumbukirani Alick Nkhata, amene anabadwa mu 1922 namwalira mu 1978. Iye anayenda ndi Hugh Tracey kujambula nyimbo za m'midzi, ndipo pambuyo pake anagwira nchito pa wailesi ya Central African Broadcasting Station ku Lusaka. Nyimbo zambiri zimene anaimba ndi gitala anayamba wazimva pakamwa pa anthu akumudzi. Gitala anabwera nyimbo zilipo kale.

Motero aphunzitsi eni-eni a gulu lanu ndi akulu a m'mudzi: amayi odziwa cimtali ndi citelele, ndiponso, kumene kuli Angoni, madoda odziwa ingoma imene imavinidwa pa mwambo wa Nc'wala ku Mtenguleni. Musawatumire mwana ndi kakalata. Pitani nokha, mutayamba mwaonana ndi anyakwawa, mukawapemphe mwaulemu. Nyimbo iliyonse imene aphunzitsa ilembedwe m'buku, pamodzi ndi dzina la woiphunzitsa ndi nthawi imene imaimbidwa, kaya ndi pamtondo, paukwati kapena pamaliro.

Pano pafunika cenjezo. Si gule aliyense amene ali wa masewera. Gule wamkulu wa Acewa, amene bungwe la UNESCO linamlemekeza mu 2005, ali ndi eni ake, ndipo zinsinsi zake n'za olowa kudambwe. Vimbuza vya Atumbuka ndi gule wocizira odwala. Mphunzitsi wobwera kucokera kutali amene aveka ana zigoba kuti asangalatse alendo angautse mlandu umene ungatseke gulu lonse. Funsani akulu coyamba.

Tsono za kayendetsedwe. Wapampando, mlembi ndi msungicuma asankhidwe pakati pa acinyamata eni ake, atsikana ndi anyamata omwe. Mphunzitsi akhale mlangizi cabe, wokhala kumbuyo. Poyamba zinthu zidzayenda pang'onopang'ono, ndipo mtima udzafuna kulanda nchitoyo. Pirirani, cifukwa gulu lozolowera kudziyendetsa silimwazika inu mukacoka. Palibe cimene cimapasula gulu msanga ngati ndalama zimene lapatsidwa litavina paukwati. Ziwerengedwe ndi anthu awiri pamaso pa onse, zilembedwe, ndipo buku liwerengedwe mokweza mwezi uliwonse.

Makolo adzalola ana awo ngati aona kuti nchito za panyumba sizikufa. Msonkhano uthe dzuwa lisanalowe, kuti atsikana ndi ana ocokera kutali afike kwawo kukali koyera, ndipo pa nyengo yopalira gulu lipumule.

Mlungu uno, ana inu, aliyense apemphe agogo ake nyimbo imodzi ya pamtondo kapena ya m'nthano, afunsenso tanthauzo lake. Aphunzitsi, konzani buku loti nyimbozo zilembedwemo pa msonkhano woyamba.