Nkhondo ya ku Mozambique: Moto Udachokera Kunja, Nkhuni Zidali Pakhomo

Dziko la Mozambique lidalandira ufulu kuchokera kwa Apwitikizi pa 25 June 1975, koma pofika 1977 mfuti zidali zitayambanso kulira. Sizidaleke kufikira pa 4 October 1992, pamene Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama adasaina pangano la mtendere ku Rome.

Anthu ambiri amati nkhondoyi idachokera kunja, ndipo sanama ayi. M'mwezi wa March 1976 boma la Samora Machel lidatseka malire ake ndi Rhodesia, pomwe asilikali a ZANU ankamenya nkhondo pochokera m'dzikomo. Pobwezera, akazitape a Ian Smith adasonkhanitsa anthu odana ndi chipani cholamula cha FRELIMO naŵapatsa zida. Umu ndimo idabadwira RENAMO, motsogozedwa ndi André Matsangaissa, yemwe kale adali msilikali wa FRELIMO. Zimbabwe italandira ufulu mu 1980, boma la tsankho la South Africa lidatola gululi ngati mwana wamasiye nililera.

Komatu mfuti za kunja pazokha sizifotokoza zonse. Mu 1984 Machel ndi P. W. Botha adapangana ku Nkomati kuti aliyense aleke kuthandiza adani a mnzake. South Africa idapitiriza kuthandiza RENAMO mwamseri, izi n'zoona, koma zida zozembetsa sizikadafalitsa nkhondo m'zigawo zonse pakadapanda anthu odyetsa zigaŵengazo ndi kuzilozera njira. Kodi mlimi wamba adaonanji kuti achite zotere?

Yankho lili kumudzi. FRELIMO idathetsa ufumu, ponena kuti mafumu adali zida za atsamunda pokhometsa msonkho ndi kugwira anthu a thangata. Mlanduwo sudali wabodza. Koma mfumu yomweyo ndiyo inkagaŵa minda, kuweruza milandu ndi kutsogolera nsembe za mvula, ndipo mlembi wa chipani amene adaloŵa m'malo mwake sankadziŵa ngakhale malire a munda wa agogo. Kenaka boma lidayamba kusamutsira anthu m'midzi ikuluikulu ya pamodzi, kuti sukulu ndi chipatala ziŵafikire msanga. Cholinga chidali chabwino. Koma munthu adasiya manda a makolo ake ndi mitengo yake, nakakhala pa nthaka ya fuko lina, munda uli kutali. M'masitolo namo munalibe mchere, nsalu kapena khasu. Christian Geffray, Mfalansa amene adafufuza nkhaniyi ku Eráti m'chigawo cha Nampula, adapeza kuti mafumu ena adatenga anthu ao onse n'kupita nawo ku RENAMO.

Kumeneko sadapeze chipulumutso. Zigaŵengazo zinkagwira anyamata mokakamiza, kusenzetsa anthu katundu, kutentha sukulu ndi zipatala, ndi kudula anthu makutu ndi milomo. Ku Homoíne, mu July 1987, kudaphedwa anthu oposa 400, ndipo mlandu udagwera RENAMO. Boma lidagwira matauni, zigaŵenga zidagwira tchire, nkhondo n'kumamenyedwera pa misewu ndi njanji za pakati pake.

Malaŵi adalaŵa nawo zoŵaŵazo. Njanji za ku Beira ndi ku Nacala zitaduka, katundu ankazungulira ku Durban pa mtengo wokwera, ndipo othaŵa nkhondo adafika pa miliyoni imodzi, ambiri ku Nsanje, Mulanje, Ntcheu ndi Dedza.

Pa chisankho cha 1994, gulu lija ankalitcha la achifwamba olembedwa ganyu ndi azungu lidapata mipando 112 mwa 250 m'nyumba ya malamulo. Lidapambana ku Sofala, Manica, Tete, Zambézia ndi Nampula, zigawo zimene nkhondo idasakaza koposa.