Akabaza, tchaja ya foni ipezereni malo oyenera

Foni ikazima, wakabaza wataya kasitomala. N'chifukwa chake ambiri ku Lilongwe, Limbe ndi Mzuzu akumangirira tchaja, nyali zowonjezera, ngakhale kasipika, panjinga zawo zamoto. Vuto n'lakuti njinga ngati Boxer kapena Lifan ilibe malo ambiri, ndipo batire yake ya mavoti 12 ndi yaing'ono.

Tchaja imakhala bwino pachiwongolero, pafupi ndi wotchi ya liwiro. Gulani yokhala ndi kachivundikiro, chifukwa mvula ikalowa polowetsera chingwe cha foni, pamachita dzimbiri. Fyuzi ndi malo amene mwalumikiza mawaya muwabise kunsi kwa mpando kapena m'mbali momwe mumakhala batire.

Mawaya atsate chitsulo cha njinga, amangidwe zolimba, atalikirane ndi injini komanso paipi ya utsi. Pulasitiki wake akasungunuka, waya amashota, ndipo kumbukirani kuti thanki ya petulo ili pomwepo. Mukamaliza, khotetsani chiwongolero uku ndi uku, muone ngati palibe waya amene akukokeka.

Chachikulu n'ichi: musalole makaniko kulumikiza tchaja kubatire mwachindunji. Imayamwa moto pang'onopang'ono ngakhale njinga itaima, mpaka tsiku lina batire idzakugonerani anzanu akunyamula anthu pasiteji. Moto autenge pawaya amene amagwira ntchito kiyi akatsegulidwa basi.

Inunso ogulitsa zipangizozi, tchaja iliyonse muzigulitsa pamodzi ndi fyuzi. Wakabaza amene simunam'psetsere njinga adzabweranso, atatenga mnzake.