Atelala ndi zovala zokwana thupi lililonse

Pa makonde a masitolo a ku Limbe, ku Area 2 mu Lilongwe ngakhale pa msika wa Mzuzu, simungalephere kupeza telala ali kuseri kwa makina ake opalasa a Singer kapena Butterfly, tepi ili m'khosi, choko ndi sizasi zili pambali. Asanadule nsalu amayamba wayeza mwini wake: mapewa, chifuwa, chiuno, kutalika kwa mkono. Manambalawo amalemba m'kakope kothimbirira, n'kumata kachidutswa ka nsaluyo pambali pa dzina. N'chifukwa chake wonenepa, wowonda, mayi woyembekezera ndi gogo wopindika msana onse amachoka pakhondepo ndi chovala chowakhala.

Masiku ano achinyamata ambiri, poona kumene afika madizaina ngati Lilly Alfonso ndiponso zionetsero ngati Mzuzu Fashion Week, akufuna kuyambitsa zovala za dzina lawolawo. Ena akuti akufuna kusokera aliyense, mwamuna kapena mkazi, wamkulu thupi kapena wamng'ono. Ndi maganizo oyenera kuwaombera m'manja, chifukwa vutoli lilipodi. Belo la kaunjika likatsegulidwa, mayi wathupi amatha kuvundukula mulu wonse osapeza siketi yomukwana, ndipo za m'sitolo nthawi zambiri zimalekeza pa XL. Koma wofuna kuthetsa vutoli adziwe kuti mphunzitsi wake woyamba ali pakhonde paja.

Kusiyana kwake n'kwakuti telala amasokera munthu amene wamuona, pamene wa kampani amasokera munthu amene sadzakumana naye. Apa m'pamene pamafunika patani, ndi luso loikulitsa kapena kuichepetsa. Ambiri amagwa pomwepa. Amaganiza kuti saizi yaikulu ndi yaing'ono yomwe ija yoonjezera masentimita mbali zonse. Thupi silikula choncho. Munthu akanenepa, mimba, chiuno ndi mikono yam'mwamba zimakula kwambiri, koma khosi ndi mapewa zimangosuntha pang'ono, ndipo msinkhu susintha n'komwe. Mukangokulitsa mofanana, khosi la malaya limayasama, manja amapitirira zala, pomwe pamimba mabatani akukokana. Ndiye saizi zazikulu zimafuna patani yakeyake, yoyesedwa pa munthu weniweni amene akhale pansi, aweramire kutsogolo, akweze manja m'mwamba.

Nsalu nayo ili ndi khalidwe lake. Chitenje n'chopapatiza, sichitamuka, ndipo china chimafupika kapena kusuluka chikachapidwa koyamba, choncho telala wodziwa amachiviika kaye asanadule. Diresi lalikulu limadya nsalu yambiri, makamaka ngati maluwa akuyenera kukumana bwino pamsoko. Kodi wathupi alipire zambiri? Ine ndimaona kuti ayi. Mtengo wa nsaluyo ugawidwe pa saizi zonse, chifukwa munthu amene wanyozeka kale m'masitolo asamalipitsidwenso chindapusa cha thupi lake.

Za zovala zoti avale mwamuna ndi mkazi yemwe, dziko lino lili ndi mbiri yake. Lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, ndipo linachoka pamene ndale za zipani zambiri zinkabwera. Ngakhale zinali choncho, mu Januwale 2012 amayi anavulidwa m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre chifukwa cha thalauza, mpaka anthu anachita zionetsero. Lero shati ya chitenje, jekete ndi buluku la lasitiki m'chiuno zikuvalidwa ndi onse popanda wodabwa. Wosoka amangofunika kusiya mpata wokwanira m'mapewa ndi m'chiuno momwe, ndi kuika matumba enieni, amene amayi akhala akumanidwa kwa nthawi yaitali.

Pali anthu ena amene ngakhale atelala amawaiwala. Woyenda pa njinga ya olumala amakhala pansi tsiku lonse, ndiye thalauza lake liyenera kukwera kumbuyo, lisakhale ndi matumba akumbuyo kapena misoko yokhuthala imene ingamutupitse mpaka zilonda. Wa dzanja limodzi mabatani ang'onoang'ono amamuvuta, zipi ya chogwirira chachikulu imamuthandiza. Kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino oposa 134,000 m'dziko muno, ndipo kwa iwo malaya a manja aatali, kolala yotchinga khosi ndi chipewa cha khonde lalikulu ndi chitetezo ku khansa ya pakhungu. Anthuwa sali ogula okha. Ku Bangwe, fakitale yoluka imene inakhazikitsidwa ndi bungwe loona za aulumali la MACOHA yakhala ikulemba ntchito anthu aulumali kwa zaka zambiri, ndipo wofuna kusokera aulumali angachite bwino kukhala nawo ena a iwo pa tebulo lodulira.

Nanga atelalawo moyo wawo ndi wotani? Ambiri anaphunzira pongokhala pambali pa mkulu wina, kuyamba ndi kusita ndi simbi ya makala, kupinda m'munsi, kusokerera mabatani, mpaka tsiku limene anapatsidwa sizasi. Ena anadzera m'masukulu a ntchito zamanja a pansi pa bungwe la TEVETA. Ntchito imabwera ndi nyengo: mayunifolomu sukulu zikamatsegulidwa, zinkhoswe ndi maukwati m'chilimwe, zovala za Khirisimasi, mabulauzi oyera a amayi a Mvano. Mvula ikagwa ndalama zimathera ku feteleza, ndipo telala amadalira kubweza ndi kuika zigamba pa kaunjika yemwe uja amene anamulanda makasitomala. Msana umawawa, maso amachita chidima msanga, ndipo magetsi akazima makina a ovaloko amangokhala chete.

Chimene chimandipweteka n'chakuti dizaina akatchuka, telala amene anadula ndi kusoka amalipidwa kangachepe pa chovala chilichonse, dzina lake osamveka. Inu amene mukufuna kusokera aliyense, yambani mwapangana naye bwino malipiro, muike katani poyezera anthu, pakhale mayi woyeza amayi anzake, ndipo muletse ndemanga zilizonse pa thupi la kasitomala. Mukatero sokani zovala zochepa m'saizi zonse, muziyese pa anthu enieni, musanagule nsalu yambiri.