Titanium ili kale m'manja mwa owotcherera athu

Ku Kasisi, m'boma la Chongwe, ntchito ya mmisiri wowotcherera zitsulo siisowa: mageti, mafelemu a mawindo, ngolo za ng'ombe ndi mapulawo othyoka a alimi. Ambiri anaiphunzira pothandizira mmisiri wamkulu, ena ali ndi mapepala a TEVETA, koma onse amadandaula zofanana: mtengo wa zitsulo, kuzima kwa magetsi ndi kukwera kwa marodi. Rodi imene amakonda, ya nambala 6013, imakutidwa ndi rutile, mchenga wa titanium. Ndiwo umachititsa kuti moto uziyaka mosadukiza, msoko utuluke wosalala, makoko ake n'kumatuka mosavuta. Nayenso wopenta nyumba amagwira titanium tsiku ndi tsiku, pakuti kuyera kwa penti kumachokera kumeneko, ndipo kuwala kwa matailosi ambiri kumadalira mchenga wa zircon. Amisiri amenewa ndiwo msika weniweni wa miyala imeneyi kwathu kuno.

Anthu akamva za titanium amaganizira ndege zimene zimatera pabwalo la Kenneth Kaunda, pafupi pomwepa. Zoona, chitsulochi n'chopepuka, cholimba ndiponso sichichita dzimbiri, koma mchenga wake woposa magawo 90 pa 100 alionse umathera mu utoto woyera, osati mu ndege. Kuusandutsa chitsulo kumafuna njira ya William Kroll, ya chlorine ndi magnesium, yomwe imadya magetsi ochuluka, n'chifukwa chake ntchitoyi ili m'manja mwa mayiko ochepa monga China, Japan, Russia ndi Kazakhstan. Chimodzimodzinso chitsulo cha zirconium, chomwe chimagwira ntchito kwambiri m'malo opangira magetsi a nyukiliya. Chimene chigawo chathu chili nacho ndi mchengawo. Mgodi wa Moma ku Mozambique wakhala ukuutumiza kunja kuyambira 2007, ndipo ku Kasiya, m'boma la Lilongwe, Sovereign Metals inapeza rutile wochuluka kwambiri moti Rio Tinto inagulako masheya mu 2023.

Choncho nzeru n'kuyamba ndi zimene tingathe, ndiye kupanga marodi konkuno. Rutile amalowa m'chikuto cha rodi akangotsukidwa ndi kusefedwa, osadikira fakitale yaikulu ya mankhwala monga mmene penti imafunira. Ena adzati msika wathu ndi waung'ono, ndipo marodi ochokera kunja ndi otchipa. Koma migodi ya kopa, zomangamanga za mu Lusaka ndi amisiri a m'misika amagula marodi osalekeza, ndipo kwacha ikagwa kutchipako kumatha. Ena adzakumbutsa za chilala cha 2024, pamene madzi anachepa ku Kariba, amisiri n'kumakhala manja lende kapena kuwotcherera usiku magetsi akabwera. Vutolo ndi lenileni, komatu fakitale ya marodi siifuna magetsi ofanana ndi ng'anjo yosungunulira titanium. Maboma a Zambia ndi Malawi akambirane msanga, mgodi wa Kasiya usanatsegulidwe, kuti gawo lina la rutile lizitsala m'chigawo chino, lizipereka ntchito ndi kupeputsa mtolo wa amisiri athu.