Titole agalu osowa mbuye, mwala suthetsa chiwewe

A Mkonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yathuyi ndinenepo za agalu osowa mbuye amene amangoyendayenda m'misika ya Chileka ndi Lirangwe. Ambirife timawagenda, koma mwala suthetsa chiwewe.

Ine ndikulera kagalu kotola ka mtundu wa pug, kamphuno yophwatalala. Poyamba ndidakasunga pakokha kutali ndi adzukulu, mpaka alangizi a ziweto adakaona ndi kukabaya katemera. Mtunduwu umabanika kukatentha, choncho m'chilimwe sindikamana mthunzi ndi madzi.

Mu 2015 bungwe la Mission Rabies lidayamba kutemera agalu kwaulere mu Blantyre. Akatswiri amati agalu 7 mwa 10 alionse akalandira katemera, chiwewe chimaleka kufala. Nanga galu wopanda mbuye adzamuperekeza ndani kukatemerako?

Abusa ndi mafumu, akumbutseni anthu anu: wofuna galu atole wosowa, azimubayitsa chaka ndi chaka. Koma wotuluka dovu kapena wolusa musamukhudze, kaneneni kwa alangizi. Mwana akalumidwa, tsukani balalo ndi sopo kwa mphindi 15, ndipo thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Lirangwe, Blantyre.