Maloboti osesa ndi kukolopa m'nyumba: zimene amakwanitsa ndi zimene amasiyira mwini wake

Makina oyenda okha amene amasesa ndi kukolopa m'nyumba akhala pamsika kwa zaka zoposa 20, ndipo ku Ulaya, ku America ndi kum'mawa kwa Asia anasiya kale kuonedwa ngati chidole cha anthu olemera, popeza mabanja ambiri opeza bwino pang'ono tsopano amawagula monga momwe amagulira makina ochapira zovala. Otsatsa malonda amalonjeza kuti wogula loboti yotereyi adzaiwala tsache ndi chikolopa, koma lonjezo limeneli ndi lokokomeza. Ntchito imene makinawa amaichita bwino ndi yosunga ukhondo wa nyumba yokonzedwa kale, pochotsa fumbi la tsiku limenelo lisanaunjikane, pamene nyumba yoikidwa katundu mwachisawawa kapena yomwe pansi pake pakakamira litsiro la masiku ambiri imafunabe manja a munthu.

Loboti yoyamba ya mtunduwu kugulitsidwa kwa anthu wamba inali Trilobite, yopangidwa ndi kampani ya Electrolux ya ku Sweden, imene inafika m'masitolo mu 2001 pa mtengo umene mabanja ochepa okha ankaukwanitsa. Msika unatsegukadi mu September 2002, pamene kampani ya iRobot ya ku America, imene Rodney Brooks, Colin Angle ndi Helen Greiner anaikhazikitsa mu 1990 atachokera ku sukulu ya ukachenjede ya MIT, inatulutsa Roomba pa mtengo wa madola pafupifupi 200. Kutchipa kwake kunachokera pa kusadziwa kwake: Roomba yoyambayo sinkadziwa kuti ili pati m'chipinda, koma inkayenda mozungulira, kutsata khoma, kenako n'kutembenukira kwina kulikonse ikagunda chinthu, pokhulupirira kuti ikayendayenda nthawi yaitali idzadutsa paliponse. Njira imeneyi inkagwira ntchito m'chipinda chimodzi chaching'ono, koma m'nyumba yaikulu batire inkatha malo ena asanasesedwe pamene ena adutsidwa kangapo.

Thupi la makinawa silinasinthe kwenikweni kuchokera nthawi imeneyo. Ambiri ndi ozungulira, otambalala masentimita pafupifupi 35 ndiponso aafupi, okwera masentimita pafupifupi 10, kuti azitha kulowa pansi pa bedi ndi pa mipando. Kunsi kwake kuli mawilo awiri oyendetsa, kaburashi ka m'mbali kamene kamakankhira zinyalala za m'mphepete mwa khoma pakati, burashi yaikulu yozungulira imene imazinyamula, ndi fani imene imakoka mpweya pamodzi ndi fumbi n'kulilowetsa m'kabokosi kakang'ono, kosafika ngakhale theka la lita pa makina ambiri, mpweyawo n'kutuluka kudzera pa sefa. Kulinso masensa, omwe ndi tizipangizo tozindikira zinthu, ena owombera kuwala kosaoneka ndi maso pansi kuti loboti idziwe pamene pathera pansi ndi kusagwa pa masitepe. Masensa amenewa ali ndi chofooka chodziwika bwino: kapeti yakuda kwambiri imameza kuwalako m'malo mokubweza, motero loboti imaiona ngati dzenje ndipo imakana kukwerapo.

Chimene chinasintha kwambiri ndi luso lodziwa njira. Mu 2010 kampani ya Neato Robotics inatulutsa loboti yogwiritsa ntchito lidar, kutanthauza kachipangizo kozungulira kamene kamaponya kuwala kwa leza mbali zonse ndi kuyeza mtunda wofika ku makoma ndi ku mipando, ndipo pa miyezo imeneyo makina amajambula mapu a nyumba n'kumayenda m'mizere yowongoka, chipinda ndi chipinda. iRobot inasankha njira ina mu 2015 pa Roomba 980, yogwiritsa ntchito kamera imene imazindikira zizindikiro za m'chipinda monga makona a denga ndi mafelemu a zitseko. Lidar imagwira ntchito ngakhale mumdima ndipo imajambula mapu msanga, ngakhale kuti magalasi odziyang'anira ofika pansi amaisokoneza poionetsa chipinda chimene kulibe. Kamera imafuna kuwala, ndipo usiku imasochera mosavuta. Mapu ndi amene anachititsa kuti makinawa akhale othandizadi, chifukwa mwini wake tsopano amatha kulamula pa foni kuti khitchini yokha ndiyo isesedwe, kulemba malo oletsedwa, ndiponso kudalira kuti batire ikachepa loboti idzabwerera pochajira, n'kukapitiriza pamene inalekezera.

Pa bokosi la loboti iliyonse yatsopano pamalembedwa nambala yaikulu yotsatiridwa ndi zilembo za Pa, chidule cha pascal, muyezo wa mphamvu imene fani imakokera mpweya. Zaka zochepa zapitazo makina a 2,000 Pa ankatchedwa amphamvu, pamene lero alipo olengeza 10,000 ngakhalenso kupitirira 20,000, ndipo wogula amaganiza kuti kuchuluka kwa nambala ndiko kuyera kwa pansi. Maganizo amenewa ndi olakwika pa zifukwa zingapo zolumikizana. Nambalayo imayezedwa polowera mpweya patatsekedwa, zomwe sizichitika loboti ikamasesa. Imapezeka pa liwiro lapamwamba kwambiri, limene limamaliza batire msanga ndi kuchita phokoso moti anthu ambiri saligwiritsa ntchito. Ndiponso makampani sayeza mofanana, kotero kuti manambala a makampani awiri sangayerekezedwe mwachilungamo. Pa matailosi, pa simenti kapena pa matabwa, fumbi limangokhala pamwamba, ndipo burashi yabwino ndi mphamvu yapakatikati zimalichotsa lonse. Mphamvu yaikulu imafunika pa kapeti, pamene mchenga umalowa pansi pa ulusi, koma ngakhale pamenepo loboti yabwino kwambiri siifika pa makina okoka fumbi ogwira pamanja olumikizidwa ku magetsi a pakhoma, amene injini yake ndi yaikulu kuwirikiza kambiri. Pamene loboti imapambana ndi pa kubwereza: kusesa kwapakatikati kochitika tsiku lililonse kumasiya nyumba yoyera kuposa kusesa kwamphamvu kochitika kamodzi pa sabata, makamaka m'nyumba zokhala ndi agalu ndi amphaka amene ubweya wake umathothoka osaleka.

Makona ndi tsitsi ndi mavuto akale amene sanatheretu. Chinthu chozungulira sichingalowe m'kona, n'chifukwa chake makina atsopano anapatsidwa kaburashi kotuluka kunja kakafika pa kona, ndipo tsitsi lalitali limakulungabe burashi yaikulu ndi timawilo, ngakhale kuti maburashi a labala amakoledwa pang'ono kusiyana ndi a manyenje.

Pa nkhani yokolopa ndi pamene kusiyana kwa lonjezo ndi ntchito yeniyeni kumaonekera kwambiri. Munthu akamakolopa amatsindika chikolopa ndi kulemera kwa thupi lake, amaona pamene pathimbirira n'kubwererapo, ndipo chikolopa chikada amachitsuka m'ndowa n'kuchifinya asanapitirize. Loboti yonse imalemera makilogalamu 3 mpaka 5, ndipo gawo lochepa chabe la kulemera kumeneko ndi limene limafika pa nsalu. Ngakhale kuti iRobot inali itatulutsa kale Scooba, loboti yongotsuka pansi, mu 2005, makina oyamba ophatikiza kusesa ndi kukolopa ankangokoka kansalu konyowa kumbuyo kwawo, zomwe zimachotsa fumbi losalala ndi mapazi a pa matailosi koma osachotsa tiyi wouma kapena mafuta a kukhitchini. Mu 2021 kampani ya Roborock ya ku Beijing inatulutsa S7, imene nsalu yake imanjenjemera mpaka ka 3,000 pa mphindi ndipo imadzikweza pang'ono ikafika pa kapeti, makampani ena n'kusankha nsalu ziwiri zozungulira zotsindikidwa pansi, ndipo posachedwapa kwabwera nsalu yokulungidwa pa chogudubuza, imene imathiridwa madzi oyera ndi kupalidwa madzi akuda loboti ili mkati moyenda. Njira yotsirizayi ndi imene ikulimbana ndi vuto lenileni, loti nsalu ikangoda imasiya kuyeretsa n'kuyamba kupaka litsiro la chipinda chimodzi m'chipinda china.

Ngakhale zili choncho, mkaka, phala kapena mafuta ophikira zikatayika pansi ziyenera kupukutidwa pamanja loboti isanadutsepo, chifukwa mawilo ndi maburashi amazifalitsa, ndipo zamadzimadzi zikalowa mu sefa ndi mu fani zimawononga makina. Mankhwala amphamvu oyeretsera monga Jik sayenera kuthiridwa m'thanki ya madzi ya loboti, popeza amadya timapaipi ndi labala wa mkati, ndipo opanga ambiri amalola madzi okha kapena sopo wawo wapadera wosachita thovu.

Makampani ayesa kuchepetsa ntchito yotsala kwa mwini wake pokulitsa siteshoni, malo amene loboti imabwerera kukachaja. Mu 2018 iRobot inatulutsa Roomba i7+, imene siteshoni yake imakoka zinyalala za m'kabokosi n'kuzisunga m'thumba lalikulu lotha milungu ingapo, ndipo masiteshoni a masiku ano amachapanso nsalu zokolopera, ena ndi madzi otentha, n'kuziumitsa ndi mpweya wofunda. Zimenezi zimathandizadi, koma ntchito siitha, imangosintha mtundu. Thanki ya madzi akuda ikasiyidwa masiku angapo imanunkha kwambiri, nsalu yosauma bwino imachita chuku, sefa imafuna kukuntha ndi kusinthidwa pakapita miyezi, matumba a zinyalala ndi ogula, masensa amafuna kupukutidwa, ndipo batire imafooka pakatha zaka zingapo. Madandaulo ambiri akuti loboti yasiya kusesa bwino amachokera pa sefa yotsekeka ndi burashi yokulungidwa tsitsi, osati pa kuwonongeka kwa injini. Palinso ntchito yokonza njira: mawaya a foni, masokosi, zingwe za nsapato ndi mphonje za kapeti zimakola burashi, ndipo pakhomo pamene pansi pakwera kupitirira masentimita 2 makina ambiri amalephera kudutsa. Choopsa kwambiri ndi ndowe za galu, zimene loboti yosaona imazipaka nyumba yonse, vuto lomwe linafala mokwanira kuti mu 2021 iRobot ilonjeze kusinthira makina aliyense amene Roomba j7 yake, yokhala ndi kamera yozindikira zinthu kutsogolo, yalephera kuzipewa.

Kamera imeneyo, imene inathetsa vuto lina, inabweretsa lina lalikulu, chifukwa chipangizo chokhala ndi kamera, mapu a nyumba ndi intaneti chimadziwa zambiri za moyo wa banja. Mu December 2022 magazini ya MIT Technology Review inaulula kuti zithunzi zojambulidwa m'nyumba za anthu ndi makina oyesera a Roomba j7, kuphatikizapo cha mayi ali m'chimbudzi, zinafika pa magulu a pa Facebook kudzera mwa antchito a ku Venezuela amene analembedwa ganyu yolemba maina a zinthu zooneka pa zithunzizo pophunzitsa kompyuta. iRobot inayankha kuti makinawo sanali ogulitsidwa m'masitolo ndipo amene anali nawo anavomera kujambulidwa. Mu 2024 wailesi ya ABC ya ku Australia inalengeza kuti anthu osadziwika analanda ulamuliro wa maloboti a Deebot X2, a kampani ya Ecovacs ya ku China, m'mizinda ingapo ya ku America, n'kumatukwana eni nyumba kudzera pa sipika za makinawo. Amene alibe ziweto kapena ana omwaza zinthu pansi ali ndi chifukwa chomveka chosankhira loboti ya lidar yopanda kamera.

Tsogolo la kampani yopanga makinawo nalonso limakhudza wogula, popeza pulogalamu ya pa foni ndi zipangizo zosinthira zimadalira kuti kampaniyo ikhalepobe. Neato Robotics inatsekedwa mu 2023, ndipo mgwirizano wa mu 2022 woti Amazon igule iRobot pa madola 1.7 biliyoni unalephereka mu January 2024 akuluakulu oona za mpikisano pa malonda a European Union atasonyeza kukayika, iRobot n'kuchotsa ntchito antchito pafupifupi 350. Panopa amene akutsogola ndi makampani a ku China monga Roborock, Ecovacs ndi Dreame.

Kwa Amalawi okhala ku Britain kapena ku South Africa, makinawa ndi zipangizo zake zimapezeka m'masitolo mosavuta, koma amene akuganiza zotumiza loboti kumudzi ayenera kulingalira zambiri kuposa mtengo. Batire ya loboti yapakatikati imasunga magetsi ochepa kuposa amene babu ya mawati 100 imatha pa ola limodzi, kotero kuchaja sikodula, koma magetsi akazima siteshoni imasiya kutumiza chizindikiro chake ndipo loboti imavutika kuipeza. Siteshoni yogulidwa ku America, yopangidwira mavoti 120, ikhoza kupsa pa mavoti 230 a ku Malawi ndi ku Zambia. M'nyumba imene khomo lake limatsegukira pabwalo la dothi, fumbi la m'chilimwe ndi matope a m'dzinja zimadzaza kabokosi ndi kudetsa nsalu chipinda choyamba chisanathe, ndipo pa simenti yopakidwa polishi loboti siingapake polishiyo kapena kuiwalitsa. Makinawa amayenerera nyumba ya matailosi kapena matabwa, yosalala, yopanda masitepe ambiri, yokhala ndi magetsi odalirika ndiponso munthu wokonzeka kuwasamalira sabata iliyonse. Wogula asanafunse za nambala ya Pa, ayambe wafunsa kumene adzapeze sefa, maburashi, nsalu ndi batire zosinthira zaka zitatu zikubwerazi.