CITINI CA PADZALA: NYALE KAPENA CISA CA UDZUDZU?

MVULA yoyamba ikangogwa mu Novembala, ngalande za mumzinda wa Chipata zimasenza katundu amene sizinakumbidwire. Mapulasitiki, mabotolo a maheu, zitini, nsanza ndi matewera a ana zimacokera m'makomboni ndi m'misika, zina kukathera mumtsinje wa Lunkhwakwa, zina kutsakamira pa milato ndi kutseka njira ya madzi. Ku Katete, ku Petauke ndi ku Lundazi nkhani ndi yomweyo, ngakhale kuti zinyalala zake ndi zoceperako.

Zambiri mwa zinyalalazi zicokera m'nyumba za anthu, ndipo zambiri sizinayenere kufika padzala nkomwe.

Kale dzala la pamudzi linali la phulusa, makoko a nshawa, zitsononkho ndi masamba, ndipo zonsezi zinali kuwola zokha. Ndiye cifukwa cake maungu ndi bonongwe za padzala zinali kukondwa kuposa za kumunda. Lero ufa wa pamela, mcere, kapenta, tomato, ngakhale mafuta ophikira a tsiku limodzi, ciri conse cibwera m'kapulasitiki kake. Pulasitiki siiwola. Imene yatayidwa caka cino mwana wobadwa lero adzaipeza ikali m'dothi iye atakula.

A zaumoyo amacenjeza za dzala la pafupi ndi khomo kamba ka alendo atatu amene limaitana: nchenche, makoswe ndi udzudzu. Nchenche imodzi iikira mazira okwana 100 kapena kuposerapo pa nthawi imodzi, ndipo m'nyengo yotentha mazirawo asanduka nchenche zouluka pa masiku 7 kufika 10 cabe. Zikacoka pa zowola ndi pa tubvi, zitera pa nsima, pa mango ndi pakamwa pa mwana wogona. Kutsegula m'mimba ndi kamwazi ziyenda motero.

Pa za udzudzu pafunika kusiyanitsa. Udzudzu wa malungo ukonda kuswana m'zithaphwi za madzi a mvula, m'maenje oumbamo njerwa ndi m'mapazi a ng'ombe m'madambo. M'zitini, m'matayala ndi m'ngalande zonunkha muswana kwambiri mitundu ina, imene isowetsa anthu tulo ndiponso ingathe kufalitsa matenda ena. Koma ngalande ikatsekeka ndi mapulasitiki madzi asefukira ndi kupanga zithaphwi pabwalo, ndipo pamenepo wa malungo naonso upeza malo. Cotero kutola zitini sikulowa m'malo mwa kugona m'neti, koma ziwirizi ziyendera pamodzi.

Coopsa koposa ndi kolera. Kucokera mu Okutobala 2017 kufika mu Meyi 2018 anthu oposa 5,900 anadwala kolera m'dziko muno, ambiri a iwo mu Lusaka, ndipo 114 anamwalira. Mu Januwale 2018 asilikali analowa m'miseu ya Lusaka kucotsa milu ya zinyalala, ndipo malonda a m'mbali mwa miseu analetsedwa. Mliri wina umene unayamba mu Okutobala 2023 unali waukulu kuposa pamenepo: odwala anapitirira 20,000, omwalira anapitirira 700, bwalo la masewera la National Heroes linasanduka cipatala, ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa kufikira mu Febuluwale 2024. Kolera siibadwira m'pulasitiki ai. Ikhala m'madzi ndi m'zakudya zimene zakhudzana ndi tubvi ta munthu wodwala. Nchito ya zinyalala ndi kutseka ngalande, madzi a mvula nkudzaza zimbudzi za maenje, ndipo zocokera m'zimbudzizo nkulowa m'zitsime zosazama zimene anthu amwapo.

Boma linayesapo mbali yake. Mu 2007 Mtsogoleri wa dziko Levy Mwanawasa anakhazikitsa ndawala ya ukhondo m'dziko lonse, ndipo mu 2018 Mtsogoleri Edgar Lungu anaiyambitsanso ndi dzina la Keep Zambia Clean, Green and Healthy. M'caka comweco ca 2018 kunabwera lamulo loletsa mapulasitiki onyamuliramo katundu opyapyala kwambiri, osafika pa ma micron 30, aja ong'ambika munthu asanafike kunyumba. Loyang'anira lamuloli ndi bungwe la ZEMA. Mowa wa m'timapulasitiki wa tujilijili unaletsedwa kale mu 2012. Koma lamulo silingalowe m'khichini la munthu. Zimene zituluka pakhomo popita kudzala zisankhidwa ndi mwini nyumba.

Coyamba ndi kusabwera nazo. Mai amene apita ku msika wa Kapata atanyamula dengu, mtanga kapena thumba losokedwa ndi citenje cakale abwerako wopanda mapulasitiki asanu kapena asanu ndi limodzi amene akadapatsidwa. Wogula mafuta angatenge botolo lake lotsuka bwino. Izi sizacilendo: agogo anali kupita ku cigayo ndi ku msika motero.

Caciwiri ndi kupatula zowola. Gawo lalikulu la zotaya za panyumba ndi makoko, masamba a ndiwo, nsima yotsala, phulusa ndi zosesa pabwalo. Zimenezi ndi manyowa amene angotayidwa pamene mtengo wa feteleza ukuliritsa alimi. Dzenje lake likhale lofika m'ciuno, kutali ndi khomo, ndiponso mamita 30 kapena kuposerapo kucokera pa citsime. Pansi aikapo mapesi kapena udzu wouma, pamwamba pake zobiriwira ndi makoko, kenaka ndowe za ng'ombe kapena zitosi za nkhuku, phulusa pang'ono, ndi dothi lobvundikira. Dothilo ndilo liletsa nchenche kuikira mazira, cotero siliyenera kuiwalika ngakhale tsiku limodzi. M'cilimwe awazapo madzi kuti mukhale cinyezi cabe, osati matope. Wofuna kudziwa ngati nchito ikuyenda alase ndodo pakati ndi kuisiya kanthawi: ikatuluka yofunda ndiye kuti zikupsa. Akatembenuza pakapita milungu itatu iri yonse, pa miyezi iwiri kapena itatu apeza dothi lakuda, lofewa, lonunkhira ngati nthaka ya m'nkhalango. M'dzenje limeneli simuyenera kulowa mafupa ndi nyama, cifukwa ziitana agalu ndi makoswe, kapena tubvi ta galu, mabatire ndi magalasi.

Manyowa amenewa ali ndi kopita ngakhale kwa okhala m'nyumba za lendi zopanda dimba. Saka lakale la makilogilamu 50 likadzazidwa ndi dothi losakaniza ndi manyowa, pakati nkuikapo mzere wa timiyala kucokera pansi kufika pamwamba kuti madzi azitsika, ndi kuboola timabowo m'mbali, limabereka repu, chainizi ndi anyezi pa malo osakwana pogona galu. Madzi otsukuluzira mbale akwanira kuthirira. Makatoni a cibuku ndi mabotolo odula pakati ndi abwino kufeseramo mbande za tomato ndi mitengo ya zipatso, malinga aboole pansi.

Cigubu ca malita 5 ca mafuta ophikira cingathe kupulumutsa moyo wa mwana. Acitsuka, aboola kabowo pafupi ndi kukamwa ndi msomali wotentha, acipacika pa mtengo wopingasa pafupi ndi cimbudzi, ndipo amanga cingwe kucokera pa cigubu kufika ku ndodo ya pansi. Munthu akaponda ndodoyo cigubu ciwerama ndi kutulutsa madzi pang'ono pang'ono, iye osacigwira ndi manja akuda. Sopo aimangirira pa cingwe ndi kuibvundikira ndi citini kuti mvula ndi mbuzi zisaithe. Pamene sopo palibe, phulusa ligwira nchito. Pansi aikapo miyala kuti pasacite cithaphwi.

Mabotolo a pulasitiki oonekera mkati, osapitirira malita 2, ali ndi nchito ina imene ambiri saidziwa. Akatsukidwa, kucotsedwa mapepala, kudzazidwa ndi madzi oyera ndi kugonekedwa pa denga la malata pa dzuwa kwa maola 6, dzuwa limapha tizirombo tambiri toyambitsa kutsegula m'mimba. Kukakhala mitambo afunika masiku awiri. Njirayi siithandiza ngati madzi ndi amatope kapena mvula ikugwa tsiku lonse. Pamenepo madzi awiritsidwe kapena athiridwe kolorini.

Za luso la manja anthu a kuno safunika mphunzitsi. Mbaula zambiri za m'misika ndi zidutswa za migolo ndi malata akale. Koloboyi ndi citini kapena kabotolo. Nsapato za matayala zayenda maulendo ataliatali kuposa zogula m'sitolo, ndipo mphira wa m'kati mwa tayala ndiye amanga katundu pa njinga zonse za mu Chipata. Anyamata amanga cimpombwa ca mapulasitiki ndi kupanga galimoto za waya. Atelala asunga tizidutswa ta citenje, ndipo amai aluso atisoka kukhala zofunda, zopondera pakhomo ndi zogwirira mapoto. Zobvala za salaula zikatha zisanduka zokolopera.

Ena apeza nazo ndalama. M'komboni ya Ng'ombe mu Lusaka, amai amasiye a bungwe la Chikumbuso anadziwika ndi kudula mapulasitiki m'timizere ndi kuluka nato zikwama zolimba zamitundu, zimene zagulidwa ndi anthu a kunja kwa dziko lino. Mu Lusaka momwemo nchito ya Manja Pamodzi, imene kampani ya Zambian Breweries inayambitsa mu 2015, inapatsa anthu a m'makomboni mwai wogulitsa mabotolo ndi makatoni amene atola. Kalabu ya amai iri yonse yodziwa kuluka ndi koloshi ingathe kuyesa zikwamazi, cifukwa cofunika ndi lumo, sopo ndi kuleza mtima. Mapulasitiki otola atsukidwe ndi kuyanikidwa pa dzuwa asanagwiritsidwe nchito, ndipo otola padzala abvale nsapato ndi zotetezera manja. Ana asatumidwe nchito imeneyi.

Koma pali zinthu zimene siziyenera kugwiritsidwanso nchito, ngakhale zioneke zokongola motani, ndipo apa ndi pamene kusunga kwapha anthu. Cigawo ca Kum'mawa ndi ca thonje, fodya ndi madimba, cotero mabotolo a mankhwala opopera mbeu ali pafupifupi m'mudzi uli wonse. Ndi olimba, ali ndi zotsekera zabwino, ndipo munthu aona ngati nkutaya cuma kuwataya. Ena asungiramo mcere, mkaka, madzi a kumunda kapena kacasu. Mankhwalawa amalowerera m'pulasitiki ndipo sopo sawacotsa onse. Botolo lotere litsukuluzidwe katatu, madzi ake athiridwe m'copopera momwemo, osati pa citsime kapena mumtsinje, kenaka libooledwe pansi kuti wina asaliyesenso cuma. Mlangizi wa zaulimi ndiye woyenera kufunsidwa kumene liyenera kuperekedwa. Matumba a mbeu yopaka mankhwala, ija yofiira kapena yobiriwira, asaikidwemo ufa kapena nshawa zakudya.

Bvuto lina ndi la palafini m'botolo la zakumwa. Mwana wa zaka ziwiri adziwa botolo, sadziwa za m'kati. Palafini, mankhwala ocapira ndi a makoswe zikhale m'zotengera zake, pamwamba posafika mwana. Mwana akamwa palafini asamusanzitse ndipo asamukakamize kumwa mkaka kapena mafuta, cifukwa posanza palafini ingalowe m'mapapo, ndipo kumeneko ndiko ipweteka kwambiri. Athamange naye ku cipatala pamodzi ndi botololo.

Kutentha sikuthetsa bvuto, kumangolisamutsira m'cifuwa. Amai ambiri akoleza malasha ndi kapulasitiki cifukwa kagwira moto msanga, ndipo madzulo ali onse makomboni afuka utsi wa madzala. Utsi wa pulasitiki ndi matayala uli ndi poizoni, ndipo oyamba kubvutika ndi makanda a kumsana, okalamba, a cifuwa ca mphumu ndi a TB. Zitsononkho, udzu wouma ndi mapepala wamba zikoleza mbaula bwino lomwe. Kubvundikira mbatata kapena cimanga ca pamoto ndi pulasitiki nakonso nkosayenera. Masamba a nthoci ndi makoko a cimanga alipo. Mabatire a tochi ndi a wailesi asaponyedwe pamoto kapena kuswedwa ndi ana.

Alimi a ng'ombe adziwa kale zimene pulasitiki icita ikangotayidwa kuchire. Ng'ombe kapena mbuzi ikaimeza, makamaka ija yonunkhira mcere, siigayika. Iunjikana m'cifu, ciweto nkumaonda cikudya, ndipo eni ake azindikira pochita kucipha pamene apeza cimpukutu ca mapulasitiki m'mimba.

Zotsala zimene sizingawole, kugulitsidwa kapena kugwiritsidwanso nchito zimakhala zocepa. M'tauni ziikidwe m'saka lomanga pakamwa ndi kuperekedwa kwa otenga zinyalala kapena kumalo amene khonsolo inapatula. Kumudzi zikwiriridwe m'dzenje lapadera. Malezala, singano ndi magalasi osweka alowe m'citini cotseka asanakwiriridwe. Tubvi ta m'matewera ogula tiyambe tatayidwa m'cimbudzi, theweralo nkukwiriridwa mozama kuti agalu ndi nkhumba zisafukule. Tubvi ta khanda tiri ndi tizirombo monga ta wamkulu. Mankhwala a kucipatala otsala kapena otha nthawi abwezedwe ku kiliniki.

Mvula isanayambe, mwini nyumba azungulire bwalo lake. Zitini, miphika yosweka ndi mabeseni otha zibvundikiridwe cafufumimba kapena zibooledwe. Ngalande ya kutsogolo kwa nyumba icotsedwe zinyalala, ndipo zocotsedwazo zisasiyidwe m'mphepete pamene mvula idzazibwezeramo. Ayang'anenso pa denga: matayala amene ambiri atsindikira nao malata kuti asauluke ndi mphepo amasunga madzi dzinja lonse, pamwamba penipeni pa cipinda cogona ana. Afunika kuwaboola mbali ya pansi kapena kuwadzaza ndi mcenga.